Mwala wa Maina Awiri

Envulopu yabuluu inafika Lachinayi m'mawa, mayi Harmke Zuidema akumanga zingwe za nsapato kuti apite kumanda. Inagwera pakhomo pamodzi ndi timapepala totsatsa tchizi ndi matiresi. Kwathu kuno palibe amafunsa kuti envulopu yabuluu yachokera kuti. Ndi a msonkho basi, ndipo anthu amenewo salemba kalata kuti akufunse mmene bondo lako lagonera.

Mayi Harmke sanachite nayo mantha. Aopenji? Zaka makumi atatu akuchapa ndi kusita zofunda kunyumba yosamalirako okalamba ku Veendam, sanatengepo ngakhale kachidutswa ka sopo. Anangoiponya m'chikwama momwe munali kabulashi ndi botolo la madzi a sopo, n'kutsika masitepe a nsanjika zitatu, n'kukwera njinga.

Lachinayi linali tsiku la a Lammert, amuna awo. Anamwalira zaka makumi awiri zapitazo ali ndi zaka 41 zokha, matenda a m'mapapo atawadya miyezi isanu ndi iwiri. Malo anasankha okha akadatha kuyenda, kumapeto kwa mzere, pafupi ndi mpanda wa mitengo, kumene mphepo siifika kwenikweni. Anachita lendi manda a anthu awiri, wina pansi wina pamwamba, kwa zaka makumi awiri.

"Ine nditsogole ndikatenthetse malo," anatero a Lammert tsiku limenelo. "Iwe ukadzabwera udzagona pamwamba panga. Koma chonde, Harmke, usadzanenepe."

Pamwala analembetsa maina onse awiri nthawi imodzi, poti wosema miyala anati kutero n'kotchipa. Pamwamba panali Lammert, chaka chobadwa ndi chaka chomwalira. Pansi pake panali Harmke, chaka chobadwa, kamzere, kenako malo osalemba kanthu. Ena akanachita nazo nthumanzi kuona dzina lawo pamanda sabata ndi sabata. Mayi Harmke zinkawakhazika mtima pansi. Ankadziwa kokagona.

Chaka chino pambali pa mwalawo panali patazikidwa kachikwangwani kachikasu kopempha achibale kuti akaonane ndi woyang'anira manda. Aliyense wodutsa ankadziwa tanthauzo lake. Lendi inkatha pa 14 Novembala. Ukalipira mayuro 1,900, munthu wako amagonanso zaka khumi. Ukapanda kulipira amafukula, mafupa n'kukawaika m'dzenje la anthu onse kuseri kwa shedi, malowo n'kupatsa wina.

"Harmke! Wabweranso kudzamusambitsa mwamuna wako?" Anali a Eppo, woyang'anira mandawo, amene ankakhala nawo benchi limodzi kupulayimale. "Ali moyo sunkamukhula msana chonchi."

"Ali moyo ankasamba yekha. Iwe zula kachikwangwani kako aka, kakundichititsa manyazi. Anthu aziti ndine wothawa lendi."

"Ndikazula ukabwera ndi ndalama. Alendi angawa ndi anthu abwino, phokoso alibe, madzi sawononga. Koma kulipira okha, aaa, ayi."

"Zili m'chitini cha khofi. Kwatsala 150 yokha. Pofika Sepitembala ndidzakuponyera kumaso."

Anakhula mwalawo mpaka ndere zonse zitachoka m'zilembo. Anasamala pa kona yakumanja pamene a Eppo anabenthula ndi makina otchetchera udzu zaka zapitazo, nkhani imene sanawakhululukire mpaka pano. Atatha anakhala pabenchi, n'kukumbuka envulopu ija.

Anawerenga kamodzi. Anapukuta magalasi, n'kuwerenganso. Chindapusa chotengera ndalama za penshoni nthawi isanakwane: mayuro 7,600. Zilipidwe pasanathe masabata asanu ndi limodzi.

Anakhalabe pabenchipo kalata ili m'manja, madzi a sopo akudonthera pa nsapato.

Nkhani yake inayamba chaka chatha, tsiku limene Rutger, mwana wawo mmodzi yekhayo, anabwera atanyamula keke ya maapulo ndi kompyuta. Mwana amene amabwera kawiri pachaka akatulukira ndi keke, mayi wanzeru amayenera kubisa chikwama. Koma mayi Harmke anangosangalala. Rutger ndi mkazi wake Mariska anali atapeza nyumba ku Assen, yokhala ndi dimba kumbuyo, koma banki inkafuna kuti aikepo kaye zawo, ndipo khitchini yake inali yofunika kugwetsa.

Panali penshoni yapadera imene a Lammert anawatsegulira mayi Harmke asanadwale. Iwo anapitiriza kuponyamo mwezi ndi mwezi, ngakhale zaka zimene ankadya mbatata ndi kabichi sabata yathunthu kuti Rutger apeze nsapato za mpira. Zinali zitafika 38,000.

"Ndi zanu, amayi," anatero Rutger akudula keke. "Zangogona. Mukadikira mpaka zaka 67 mudzazidya ndi mano ati?"

Kampani ya penshoni inadula gawo lalikulu la msonkho n'kutumiza 24,000. Mayi Harmke anaona kudulako n'kuti, basi, a msonkho adya akhuta. M'kalata ya kampaniyo, patsamba lachitatu, munali ndime ina yonena za chindapusa chobwera pambuyo. Anamuonetsa Rutger. "Zimenezo amangolemba, amayi," anatero. Kenako anatulutsa pepala la kubanki lonena kuti ndalamazo ndi mphatso, si ngongole, ndipo sizidzabwezedwa. Banki siikongoza munthu amene ali kale ndi ngongole kwa mayi ake. Mayi Harmke anasaina ndi cholembera cha Rutger, chala chili ndi mafuta a keke.

Tsopano apa chindapusa chija chinali chitafika, ndipo sichinabwere chokha. Patapita masabata awiri kunagwanso envulopu ina. Popeza chaka chatha, papepala, mayi Harmke anapeza ndalama ngati dokotala, sanayenere kulandira thandizo la boma la lendi ya nyumba ndi la inshulansi ya kuchipatala. Abweze zonse: mayuro 3,900. Koma abale! Ndalama anazigwira masiku anayi okha, zitangodutsa m'buku lawo popita ku Assen.

Anaimba foni kuofesi ya msonkho pa nthawi yopuma kuntchito, ataima pakati pa makina ochapira. Anadikira mphindi makumi anayi akumvera kanyimbo. Kenako anayankha mtsikana wa mawu aulemu kwambiri. Anati palibe vuto, n'zotheka kulipira pang'onopang'ono kwa zaka ziwiri, angoyankha mafunso angapo. Malipiro ndi angati? Lendi ndi zingati? Galimoto ali nayo?

"Nanga muli ndi ndalama zina zosunga, mayi? Kubanki kapena kunyumba?"

Inu mukanatani? Ine ndikanakhosomola n'kunena kuti ayi. Ndani angakwere nsanjika zitatu kukavundukula chitini cha khofi kuseri kwa ufa? Koma mayi Harmke anakulira m'nyumba imene bambo awo anapalasapo njinga makilomita asanu ndi atatu kukabweza kakobiri kamene wa sitolo anawonjezera molakwitsa. Bodza linkawakanirira pakhosi.

"Zilipo 1,750 m'chitini," anatero. "Koma ndi za manda a amuna anga."



"Pepani kwambiri, mayi," anatero mtsikanayo, ndipo zinkamveka kuti akupepesadi. "Pa fomu palibe malo a manda. Zosunga ndi zosunga. Muyambe mwapereka zimenezo, zotsalazo tizigawa pa miyezi."

Loweruka anatenga chitini chija n'kupita nacho kubanki. Makina anameza ndalamazo, timapepala ta 10 ndi ta 20 tonunkhira khofi, zimene anasonkhanitsa zaka zisanu ndi chimodzi. Zinatenga mphindi ziwiri. Anabwerera kunyumba chitini chili gwedegwede m'basiketi ya njinga, ndipo kuyambira mwezi umenewo mayuro 400 ankachoka pa malipiro awo asanagule ngakhale buledi.

Mayi Harmke anamuimbira foni Rutger. "Ndikufuna tionane. Ndi nkhani yofunika."

"Dikirani ndione dayale, amayi." Anamva akutsegula masamba a kabuku kake kolembamo zochita. "Sabata ino ayi. Ya mawa kuli maphunziro akuntchito. Kenako tikupita ku France masabata atatu. Ogasiti ndiye wadzaza. Bwanji mudzanene pa tsiku langa lobadwa? Si mubwera kale?"

Tsiku lake lobadwa linali pa 21 Sepitembala. Mayi Harmke, amene anamubereka pa tsikulo atavutika maola khumi ndi asanu ndi limodzi osayang'ana dayale, anati chabwino.

Anafika pa basi ya 2 koloko. Mipando inali itaikidwa kale mozungulira pabalaza, monga mwa mwambo, ndipo anayenera kuzungulira bwalo lonselo kugwirana chanza ndi aliyense. "Zabwino zonse chifukwa cha mwana wanu." "Inunso, chifukwa cha mkamwini wanu." "Zabwino zonse chifukwa cha neba wanu." Anthu khumi ndi anayi. Kenako khofi ndi kachidutswa kamodzi ka keke pambale yogwirizira pabondo. Bambo ake a Mariska ankafotokozera bwalo lonse za mpope wa m'khitchini yatsopano, wotulutsa madzi owira kale.

"Ketulo n'zachikale! Ungopotokola, tiyi wapsa. Ana athuwa ali ndi mitu, eti mayi Zuidema?"

"Ali nayo," anatero mayi Harmke.

Ataona Rutger akunyamuka kukadula tchizi ndi soseji, anamutsatira. Khitchiniyo anali ataionapo kale kawiri, koma lero anaiyang'ana ngati munthu amene wakumana ndi njinga yake yobedwa ili ndi penti ina. Pakati panali tebulo lalikulu la mwala wakuda. Magetsi atatu ankalendewera pamwamba pake. Chitseko chagalasi chinkatulukira kudimba.

"Rutger, tseka chitseko."

"Amayi, alendo akudikira soseji."

"Adikire. A msonkho andilembera makalata awiri."

Anawayala patebulopo. Rutger sanawagwire. Anangowayang'ana chapatali, mpeni uli m'manja.

"Eya," anatero. "Ndinkadziwa kuti abwera."

"Unkadziwa?"

"Ya 7,600 ija inatuluka pakompyuta mu Malichi, ndikukulemberani fomu ya msonkho. Ndinaona kuti ndikakuuzani mukhala miyezi itatu osagona tulo pachabe. Kalata ikanabwerabe."

Mayi Harmke anagwira m'mphepete mwa tebulo. Mu Malichi! Mu Malichi chitini chinali chidakali chawo. Akanadziwa, akanapempha ngongole kuntchito ya ndalama zotsalazo, n'kuthamangira nazo kwa a Eppo a msonkho asanafunse kanthu. Mwanayu anakhala pampando wawo, anamwa khofi wawo, anaona nambalayo, n'kutseka kompyuta n'kunena kuti zatha.

"Sindikukupempha zonse," anatero mwaukali. "Za msonkho ndilipira ndekha, ndinasaina ndine. Ndikufuna 1,900 yokha. Lendi ya manda a bambo ako ikutha mu Novembala. Ndikapanda kulipira awafukula."

Rutger anaika mpeni pansi. "Amayi, tiyeni tilankhule mosabisa."

Kwathu kuno munthu akayamba ndi mawu amenewo, gwiritsa mpando.

"Ife tili ndi ngongole ya nyumba ya zaka makumi atatu. Mwezi wamawa akubwera kudzaika masola padenga, tinalipira kale theka. Ndalama zija munatipatsa ngati mphatso, pepala lilipo, ndipo tinathokoza. Tikayamba kubweza pang'onopang'ono ndiye kuti tinanamiza banki. Komanso, amayi, ababa mulibe mmenemo. Muli mafupa, mwina ndi mabatani a jekete. Mukufuna kulipirira mafupa lendi inu mukudya buledi wogona?"

"Ndikudya buledi wogona chifukwa ndalama zanga zili apa!" Anamenya tebulo lija ndi chikhatho, dzanja n'kuwawa mpaka m'chigongono. Mwalawo sunamve kanthu.

Chitseko chinatseguka, Mariska n'kusuzumira. "Pali vuto? Anthu akufunsa tchizi." Anaona makalata abuluu aja n'kumvetsa. Analowa, n'kuwagwira mayi Harmke paphewa mokoma mtima ndithu. "Ndi za manda zija? Mayi, musadzivutitse. Amayi anga anatiuza kale kuti iwo tidzangowaotcha, phulusa tikamwaze kunyanja. N'zotchipa, n'zaukhondo, palibenso wovutika kukapalira."

"Nanga ine ndidzagona kuti?" Mayi Harmke sanafunse Mariska. Anafunsa mwana wawo. "Malo anga ali pamwamba pa bambo ako. Dzina langa lili kale pamwala."

"Amayi, muli ndi zaka 60 zokha," anatero Rutger, akunyamula mbale ya soseji. "Zimenezo tidzaziona nthawi yake."

Anabwerera m'bwalo muja, poti kuchoka tchizi isanazungulire n'kupanda ulemu. Mbale itafika kwa iwo anatenga kachidutswa kamodzi. Anakwera basi ya 5 koloko, ndipo njira yonse anali ndi chidani ndi mwana wawo, chidani chenicheni, chimene sanadziwe kuti mayi angakhale nacho. Chinawachititsa manyazi, koma sichinachoke.

Anayesa njira zina. Mphete yaukwati, wogula golide anaiika pasikelo n'kunena 140. Anaibweza pachala. Anapempha maola owonjezera kuntchito, anawapatsa Loweruka, koma pa Loweruka lachinayi bondo linatupa ngati mpira ndipo dokotala anawaletsa. Pa 14 Novembala anapita kukaofesi ka a Eppo pageti la manda, kumene kunkanunkha dizilo ndi khofi wozizira.

A Eppo sanachite nthabwala tsiku limenelo. Anatulutsa fomu yosiyira manda n'kuiika patebulo osaiyang'ana.

"Ndikanakhala nazo ndikanakupatsa, Harmke. Ukudziwa malipiro a khonsolo."

"Sindikanalandira."

"Ndikudziwa. N'chifukwa chake ndanena." Anakanda chibwano. "Tamvera. Nthawi yachisanu sindikumba, nthaka imakhala gwa. Ndiyamba mu Malichi. Ukapeza ndalama Malichi asanafike, pepala ili ndidzayatsira fodya."

Mayi Harmke anasaina. Nyengo yonse yozizira ankazimitsa hita n'kuvala majuzi awiri. Anasiya kugula nyama. Lachinayi lililonse ankapitabe ndi kabulashi, zala zikuuma ndi chisanu, n'kumawauza a Lammert mmene zinthu zikuyendera. Za Rutger sankawauza. Malichi atafika anakhuthula chitini patebulo. Munali mayuro 310.

"Nanga mwala?" anafunsa a Eppo, mayi Harmke atakawauza kuti ndalama sizinakwane. "Achibale akhoza kuutenga. Akapanda kuutenga, lole imabwera, amakauphwanya, miyala yake amathira pansi pa misewu."

Mwala wolemera kuposa anthu awiri, iwo akukhala pansanjika yachitatu yopanda chikepe, akanauika pati? Pakhonde pamodzi ndi zovala zoyanika? Anazengereza masiku awiri, kenako anamulembera Rutger uthenga wa pafoni, mawu ochepa, opanda moni. Yankho linabwera pasanathe mphindi zisanu, chinthu chimene chinali chisanachitikepo.

"Asauphwanye! Ndiutenga ine, amayi. Ndibwera Loweruka ndi ngolo. Ndili nawo malo kudimba."

Mayi Harmke anawerenga uthengawo katatu ataima m'khitchini, kenako analira. Kalanga ine, anatero mumtima, mwanayu ndamuweruza msanga. Mtima ali nawo, amangoubisa ngati bambo ake. Anayamba kuona m'maganizo mwalawo utaimikidwa pansi pa mtengo wa maapulo kumapeto kwa dimba la ku Assen, maluwa ochepa patsogolo pake. Si manda, koma ndi malo oti munthu n'kuimapo. Loweruka madzulo Rutger anatumiza uthenga wina wopempha theka la mtengo wobwerekera ngolo, mayuro 17.50. Analipira pomwepo osadandaula. Kwathu kuno zimenezo si zachilendo.

Lachinayi lotsatira miyendo inawatengera yokha kumanda. Kumapeto kwa mzere kunali kutatchingidwa ndi nsalu zobiriwira, kuseri kwake kukumveka kathirakitala kokumbira. Anaima pageti mpaka phokoso litasiya. Patapita nthawi a Eppo anatulukira, chipewa chili m'manja, n'kuwatengera kuseri kwa shedi. Panali kapinga wamfupi, mulu wa masamba owola pambali, wilibala yotsamira khoma. Panalibe dzina ngakhale limodzi.

"Ali pati?"

A Eppo analoza ndi chipewa mozungulira. "Chapomwe pano. Ndamuika ndekha, Harmke, ndi manja. Sindinalole makina."

"Ali ndi ndani?"

"Ambiri. Aphunzitsi athu a masamu aja ali pomwepa."

"A Lammert ankadana nawo," anatero mayi Harmke. Anafuna kuseka, koma kukamwa kunakana. Kabulashi kanali m'chikwama, panalibe choti akhule.

Chiitano chinabwera mu Epulo: khofi, Lamulungu, 3 koloko. "Mudzalowere kugeti la kumbuyo, amayi, mudzaone dimba," analemba choncho Rutger. Mayi Harmke anavala malaya awo abwino, anagula timaluwa tachikasu ta mayuro atatu, n'kuika kabulashi ndi botolo la sopo m'chikwama, poti mwala woyenda pangolo sulephera kuda.

Dzuwa linali litawala bwino tsiku limenelo. Anatsegula kageti n'kuyang'ana kumtengo wa maapulo. Pansi pake panali mipando iwiri yapulasitiki ndi chowotchera nyama. Anayang'ana kumpanda, kunali njinga. Anayenda pang'onopang'ono m'kanjira ka pakati pa kapinga mpaka pa chitseko chagalasi cha khitchini, chimene chinali chotsegula. Kale pakhomo pamenepo panali potsika patali, Rutger ankangoikapo bokosi la mabotolo. Tsopano panali sitepe yatsopano, mwala wotuwa, wautali, wokhakhala pamwamba. Panali zidindo za nsapato zamatope, ndi nsapato za kudimba za Mariska zitavulidwa pambali.

Kona yake imodzi inali yobenthuka.

"Mwauzindikira, eti?" Rutger anatulukira pakhomo nkhope ili mwee, n'kuima pomwepo, mapazi onse awiri. "Ndinadziwa! Mwala wabwino chonchi akanauphwanya n'kuuthira mumsewu, tangoganizani. Nditayeza unangokwana ndendende, ngati anausemera pano. Tsopano ababa ali nafe tsiku lililonse."

Sankanyoza ayi. Ankayembekezera kuti amuyamikire, ndipo chimenecho ndicho chinawapweteka koposa.

"Waugoneka chafufumimba," anatero mayi Harmke.

"Kuti zilembo zisafufutike ndi mapazi. Komanso Mariska anati alendo angamadabwe kuona maina."

"Lowani, mayi, khofi akuzizira!" anaitana Mariska ali mkati. "Mupukute nsapato, ndangokolopa kumene."

Mayi Harmke sanasunthe. Panalibe njira yolowera m'khitchinimo popanda kupondapo. Pansi pa mapazi a mwana wawo panali dzina la a Lammert litayang'ana mumchenga, ndipo pansi pa dzinalo panali lawo, chaka chobadwa, kamzere, ndi malo aja osalemba kanthu. Nyumba anagula ndi iwo, khitchini anagula ndi iwo, ndipo tsopano aperekanso popondera.

"Utembenuze."

"Amayi?"

"Ndati utembenuze mwalawu. Ngati mwaganiza zotiponda, muzitiponda mukuwerenga maina athu."

Rutger anaseka pang'ono, n'kuyang'ana kumpanda ngati aneba akumva. "Amayi, musakulitse nkhani. Sizingathekenso. Ndinaumata ndi simenti."

"Tsika."

Anatsika. Mayi Harmke anaika maluwa aja pansi, anagwira khoma, n'kugwada pang'onopang'ono, bondo lotupa lija likulira. Anachotsa nsapato za Mariska n'kuziponya pakapinga. Anatulutsa botolo, anathira madzi a sopo, n'kuyamba kukhula matope, kuyambira kumtunda kumene ankadziwa kuti kuli dzina la a Lammert, kutsika mpaka kumene kuli lawo. Mariska anafika pakhomo ndi makapu awiri n'kuima, osadziwa podutsa.

"Amayi, dzukani, chonde," ananong'ona Rutger. "Anthu akuona."

Sanadzutse mutu. Anapitiriza kukhula, n'kusamala pa kona yobenthuka ija monga ankachitira nthawi zonse.

"Ndizibwera Lachinayi lililonse," anatero. "Ulembe m'dayale mwako."